Njinga ya ku Joni yomwe idadya malata a nyumba yanga

Pa puloti yanga ku Lunzu pali uvuni wa njerwa womwe tidaotcha mu 2022. Lero pamwamba pake pamera udzu ndipo abuluzi ndiwo akukhalamo osalipira lendi. Anthu akandifunsa kuti nyumba ija iyamba liti, ndimati zinthu zadula, ndipo onse amavomereza poti n'zoona. Koma mayi a kunyumba akakhala pafupi savomera nawo. Iwo amadziwa kuti malata a nyumbayo adagulidwa kale, kungoti ali ndi mateyala awiri ndipo amagona m'kachipinda kosungiramo katundu kwa mlamu wanga ku Chilomoni, atafunda chinsalu.

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi Physics pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi, m'boma la Blantyre lomweli, makilomita 11 kuchokera pamsewu wa tala ukapitirira Lunzu. Dipuloma yanga ndidakatenga ku Domasi. Chandilembetsa nkhaniyi n'chakuti masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mukuchuluka njinga zamoto zikuluzikulu zaliwiro, zambiri zobwera ndi abale athu ochokera ku Joni, ndipo aphunzitsi anzanga awiri andipempha kale kuti ndiwaperekeze kokaona. Ndisanaperekeze munthu, ndati ndiyambe ndaulula zanga.

Kwa zaka zisanu ndinkayenda pa Lifo ngati wina aliyense. Sidandivutitsepo. Ikadwala, mnyamata aliyense wokhala ndi masipanala awiri pansi pa mtengo ankaichiza, ndipo madzulo ndinkafika kunyumba. Koma Lamulungu lina masana nditaima pa Ginnery Corner, padadutsa anyamata anayi pa njinga zija okwera amachita kugonera pathanki, akulowera ku Limbe mumsewu wa Masauko Chipembere. Kulira kwake sikudali kwa thuthuthu komwe tidazolowera. Kudali ngati wina akung'amba nsalu yatsopano kuyambira ku Blantyre mpaka ku Limbe. Kuchokera tsiku limenelo Lifo yanga idayamba kundinyansa popanda chomwe idalakwa.

Mu Ogasiti 2023, tili patchuthi, ndidaiona pafoni: Honda CBR600F ya 2002, yofiira, mwini wake ali ku Bangwe ndipo adabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Kwa amene simuzidziwa njinga zotere, injini yake ndi ya 599cc, ya masilinda anayi ndi magiya 6. Imaziziritsidwa ndi madzi ngati galimoto, ndipo ilibe kabuleta. Mafuta amapopedwa ndi pampu, kompyuta n'kumayeza mlingo wake. Mphamvu ya injini amaiyeza mu horsepower. Njinga ya kabaza imakhala ndi 10 kapena kupitirirako pang'ono, pamene iyi imadutsa 100. Chonsecho kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 200 basi, matumba anayi a chimanga. Tangoganizani mphamvu ya galimoto ya banja itamangiriridwa pa matumba anayi a chimanga, inu n'kukhala pamwamba.

Ndidafika ku Bangwe cha m'ma 10 koloko m'mawa. Njinga ndidaipeza panja yotsukidwa, mapulasitiki ake akunyezimira, injini ili yofunda kale. Sindidadzifunse chomwe munthu angatenthetsere injini mlendo asanafike. Adailiza, ndipo ana a m'makomo oyandikana adathamangira kudzaona.

"Achimwene, iyi si njinga, ndi ndege," adatero mwini wakeyo. "Bwana wanga ku Joni ankangokwera Lamulungu lokha."

"Nanga mapepala?"

"Onse alipo. Kusintha nambala ndi nkhani ya tsiku limodzi."

Adatulutsa envulopu. Mudali pepala la umwini la ku South Africa m'dzina la bwana wakeyo, kalata yogulitsana, ndi pepala lina la pachipata cha Mwanza. Ndidangoona zidindo, mtima n'kukhala pansi. Sindidawerenge, ine amene ndimauza ana a Fomu 4 tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga funso kawiri asanayankhe.

Tidagwirizana K2.8 miliyoni, pafupifupi malipiro anga a chaka chathunthu panthawiyo. Ndidatenga ngongole ya K1.8 miliyoni ya miyezi 36 ku kampani ina mwa zija zimadula kumalipiro. Ndidagulitsa Lifo ndi mbuzi zinayi, zotsalazo n'kutapa pa ndalama zomwe tinkasunga za simenti. Mayi a kunyumba ndidawauza kuti ndagula K1.5 miliyoni. Bodzali lidakhala mwezi umodzi wokha, kufikira tsiku lomwe adapeza pepala la malipiro m'thumba la malaya pochapa. Sadakuwe. Adangofunsa kuti, "Bambo, ana akamafunsa nyama ndiziwalozera pakhondepo?"

Sukulu zitatsegulidwa mu Sepitembala ndidadziwa msanga kuti ndagula njinga ya msewu womwe ine sindikhalako. Pa tala zonse zidali bwino. Nditangokhota kulowa msewu wathu wafumbi, mavuto adayamba. Njingayi ndi yotsika, pansi pake ndi nthaka sipakwana masentimita 15, ndiye mwala uliwonse wotundumuka umaigogoda pamimba. Mateyala ake ndi osalala, opangidwira kumata pa tala, moti mumchenga wa pamtsinje teyala lakutsogolo linkavina. Poti umakwera chogwada, thupi lonse limatsamira m'manja, ndipo mabampu onse amathera m'mapewa. Ndinkayenda giya wani ndi thu basi, ndipo popeza ladiyeta imadalira mphepo ya liwiro, injini inkatentha mpaka kundiwamba miyendo. Ulendo womwe pa Lifo unkanditengera mphindi 25 udayamba kunditengera 45. Anyamata a kabaza ankandidutsa atanyamula anthu awiri ndi mbuzi, n'kumandiimbira hutala yaulemu.

Pasukulu pokha ndiye ndidatchuka. Tsiku loyamba ana adabalalika pa asembule kudzazinga njinga, mpaka a hedi adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwabwera kudzaphunzitsa kapena kudzaonetsa kanema?" Pomatha masabata atatu pulasitiki yapansi idali itasweka, ndipo mashoko akutsogolo adali akudontha oyilo chifukwa fumbi lidadya timphira take totchinga.

Koma izi zidali zazing'ono. Kumapeto kwa mwezi womwewo apolisi apamsewu adandiimitsa ndikulowa mtauni. Wapolisiyo adawerenga envulopu ija modekha, zomwe ine sindidachite, n'kundilozera ndi chala. Pepala la ku Mwanza lija lidali chilolezo chongoyembekezera, chomwe amapatsa mlendo wolowa ndi galimoto yakunja kwa masiku owerengeka, ndipo masikuwo adatha kale ndisanaione n'komwe njingayo. Msonkho sudalipiridwe. Pamwamba pa apo, laisensi yanga ya A1 idali ya njinga zosapitirira 125cc. Ya 600cc imafuna ya A. Ndidaimbira wondigulitsa uja. Foni yake idali yozima, ndipo anthu a ku Bangwe adandiuza kuti adabwerera ku Joni.

Apa ndi pomwe ndikufuna owerenga amvetsetse, chifukwa ambiri timagwera pomwepa. Galimoto kapena njinga yolowa m'dziko muno kudzakhazikika iyenera kulipiridwa msonkho ku MRA. Apolisi ayenera kutsimikiza, mothandizana ndi anzawo a kumene yachokera, kuti sidabedwe. Zikatero m'pamene a Road Traffic pa Ginnery Corner amapereka nambala ya kuno ndi blue book m'dzina lako, kenako COF ndi inshuwalansi. Palibe cha tsiku limodzi pamenepa. Mwayi wanga udali wakuti nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17 yodindidwa pakhosi pa felemu, idafanana ndi ya pamapepala ndipo sidapezeke pamndandanda wa zobedwa. Ikadapezekapo, ndikadataya njinga, ndalama, mwinanso n'kugona m'chitokosi, ngongole ikudulidwabe kumalipiro mwezi ndi mwezi.

Zidanditengera masabata asanu ndi awiri, njinga ili chiimire. Msuweni wanga wa ku Joni ndiye ankathamanga kusaka bwana uja kuti asaine zofunika. Tili mkati modikira, pa 9 Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Msonkho wa katundu wakunja umawerengedwa potengera mtengo wake m'ndalama zakunja, ndiye wanga udakwera ine ndili m'tulo. Petulo naye adadumpha kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi. Ndalama yoombolera njinga idalipo malo amodzi okha: masheya a mayi a kunyumba ku banki m'khonde, omwe adasonkha chaka chonse kuti tigule malata.

Sadakane. Adawerenga ndalamazo patebulo, kenako adanditambasulira kope latsopano la ana asukulu. "Kuyambira lero," adatero, "tambala iliyonse yopita kwa mkazi mnzangayu muzilemba umu." Kopelo ndili nalobe, ndipo zomwe ndikulemba pano zambiri ndikuzitenga mmenemo.

Njinga itatuluka ndi nambala ya ku Malawi, ine n'kukonzanso za laisensi, ndidachita chinthu chomwe ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Lamulungu lina kumayambiriro kwa Disembala ndidalowa msewu wa ku Zomba kuti ndikamve kukoma kwa ndalama zanga. Nditadutsa pa Njuli msewu udaoneka woyera, ndipo ndidapotoza dzanja. Njinga zimenezi zili ndi khalidwe loipa: pansi pa 7,000 rpm zimayenda mwaulemu ngati za abusa, koma zikadutsa pamenepo zimakoka ngati wina wakumenya chibakera kumsana, ndipo zimapitiriza mpaka cha m'ma 14,000. Nditaponya diso pa mita ndidaona 170.

Patsogolo, mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni adaima m'mbali mwa msewu. Adayang'ana uku ndi uku, adandiona ndili kutali ngati kadontho, n'kuponda tala. Sadalakwitse chilichonse. Moyo wake wonse wakhala akudumpha msewu umenewo poyerekeza ndi maminibasi ndi malole, ndipo kadontho kotero kamatanthauza kuti nthawi ilipo. Koma pa 170 munthu amayenda mamita 47 pa sekondi imodzi. Bwalo la mpira amalidutsa m'masekondi awiri. Ndipo ine ndemwe ndimalemba pabolodi chaka ndi chaka kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ndidafinya mabuleki, teyala lakumbuyo lidapepuka n'kuyamba kugwedezeka, ndipo ndidadutsa kumbuyo kwa mayiyo pafupi moti ndidaona maluwa a pachitenje chake. Iye sadathawe n'komwe, nthawi yothawira padalibe. Ndidakaima pa Namadzi, miyendo ikunjenjemera, ndipo ndidakhala pamwala theka la ola. Misewu yathu si ya magalimoto okha. Ndi msika, ndi njira ya kusukulu, ndi modutsa mbuzi. Palibe mpanda ngati misewu ikuluikulu ya ku Joni komwe njingayi idakulira.

Chodabwitsa n'chakuti kugwa kwanga kudabwera ndikuyenda 40 yokha. Patatha masabata awiri, mvula idawaza masana ndili pa raundabauti ya pa Chichiri. Mvula yongowaza imayandamitsa oyilo ndi dizilo zomwe zakhala zikudontha pa tala, ndipo msewu umaterera ngati therere. Ndidangopendeka pang'ono kuti ndikhote, teyala lakutsogolo n'kuchoka. Ndidadzidzimuka ndili pansi, njinga ikukhwekhwereka payokha, kondakitala wa minibasi akukuwa. Helemeti idandipulumutsa mutu. Jekete yoyenera ndi magolovesi ndidalibe, chifukwa ndalama zonse zidathera kunjinga, ndiye khungu la pachigongono ndi pabondo lidatsala pa tala, ndipo mkono wamanja udathyoka chapafupi ndi dzanja. Mwayi wake Gulupu ali pafupi.

Kumeneko ndidaikidwa chikhakha cha masabata 6. Podikira dokotala ndidakhala pabenchi limodzi ndi anyamata a kabaza ndi owakwera, ena ali ndi zitsulo zotulukira m'miyendo, ndipo palibe adandifunsa kuti yanga idali ya masilinda angati. Teremu yachiwiri itayamba mu Januwale 2024 sindinkatha kugwira choko. Pasukulu yathu mphunzitsi wa Physics ndine ndekha, ndipo Fomu 4 idali ndi mayeso a MSCE chaka chomwecho. Mtsikana wina wolemba bwino ndiye ankaima pabolodi ine n'kumamuuza zolemba. Tidachedwa ndi mitu iwiri, ndipo tidaibweza pophunzira Loweruka. Ana a eni adataya Loweruka lawo chifukwa cha chidole changa.

Njinga idanyamulidwa pa lole yaing'ono kupita ku Ndirande, kwa madala ena omwe adagwira ntchito zaka zambiri m'galaja ya njinga zazikulu ku Joni. Ndikadawadziwa kale bambo amenewa! Adaizungulira kawiri osalankhula, kenako adagwada pansi n'kundiitana.

"Aphunzitsi, mudagula ndi maso kapena ndi makutu?"

"Zonse ziwiri, madala."

"Ndiye vuto lake. Gwadani apa muone."

Adandionetsa manambala anayi m'mbali mwa teyala: 2314. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Teyala lomwe lidandigwetsa lidapangidwa sabata ya 23 mu 2014. Mizere yake idali yakuya bwinobwino, ndipo ndi yomwe ine ndidayang'ana ku Bangwe, koma mphira wa zaka 9 udali utauma ngati chikopa cha ng'oma. Adachotsa mapulasitiki onyezimira aja, omwe adati si a Honda koma ongoyerekeza, ndipo pansi pake chivundikiro cha injini chidali ndi zipsera zakale zopakidwa penti. Kachitsulo koletsa chiwongolero kukhota mopitirira kadali kowotcherera. Njingayo idagwapo kale, kugwa kwenikweni, osati kwa pa 40. Mita inkaonetsa makilomita 38,000, koma iwo adandigwiritsa chala pa disiki ya buleki yomwe idadyeka mpaka kusiya mlomo m'mphepete, n'kundifunsa ngati ndikukhulupirira kuti bwana wa Lamulungu lokha angadye chitsulo chotero.

M'mawa mwake adandiuza kuti ndifike 6 koloko injini isanalizidwe. Itangolira kudamveka phokoso ngati timiyala m'chitini, lomwe lidachepa injini itafunda. Ameneyo adali cam chain tensioner, kachida kokoka tcheni cha mkati mwa injini, ndipo akuti ndi nthenda yodziwika ya njinga za mtundu umenewu. Apo m'pomwe ndidamvetsa chifukwa chomwe ndidaipezera yofunda ku Bangwe. Kenako adaika mita yoyezera magetsi pabatire injini ikulira. Imayenera kuwerenga pakati pa mavoti 13.5 ndi 14.5, koma yanga idaima pa 12.3. Regulator idali itapsa pamodzi ndi polumikizira mawaya ake, ndipo batire yomwe ndidagula mwezi wathawo poganiza kuti yakale yatha idali ikufa imfa yomweyo. Mita imeneyo ili mu labotale yathu kusukulu, ndipo ndimaphunzitsa ana kagwiritsidwe ntchito kake. Sindidaganize zoitenga popita kokagula.

Zina zidali zolakwa zanga. Pofuna kupulumutsa ndalama ndidakasinthitsa oyilo kwa mnyamata wina wokonza za kabaza, yemwe adathiramo oyilo wa galimoto. Kalatchi ya njingayi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri omwe amaichititsa kuphonya. Pabotolo payenera kulembedwa JASO MA, ndipo imamwa malita atatu ndi pang'ono. Mnyamata yemweyo adakoka tcheni mpaka kuuma ngati chingwe cha gitala, pamene chimayenera kusewera mamilimita 25 mpaka 35, apo ayi chimadya mabelingi. Sindikumuimba mlandu. Ntchito yake amaidziwa, koma njinga yotere adali asanaigwirepo, ndipo ndine ndidampititsira.

Madalawo adandipatsa malamulo omwe ndimatsata mpaka pano. Tcheni ndimatsuka ndi palafini ndi burashi yakale ya mano, n'kupaka mafuta ake pakatha makilomita 500 alionse kapena ndikayenda mumvula. Chikatha amasintha pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa mano odyeka amadya tcheni chatsopano. Oyilo ndimasintha pa 5,000 ngakhale buku lake limalola kupitirira apo, poti olemba bukulo sadaone fumbi la Okutobala. Mafuta a mabuleki ndi zaka ziwiri zilizonse. Mavavu amayezedwa pa makilomita 24,000 alionse, ntchito ya tsiku lathunthu yofuna zida zake, ndipo m'Blantyre muno anthu oidziwa mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi.

Kudziwa chofunika n'kwina, kuchipeza n'kwinanso. Mumsika wa Limbe mungagule njinga ya kabaza yathunthu chidutswachidutswa, koma mukatchula teyala la 180/55 pa limu ya 17 amakuyang'anani ngati mwalankhula Chitchaina. Zanga zonse zimachokera ku Johannesburg. Msuweni uja amagula n'kupereka kwa anyamata onyamula katundu pabasi, ndipo zimadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka ku Mwanza. Ma rand kubanki sapezeka, ndiye umawapeza pamtengo woposa wa boma. Teyala lakumbuyo lokha lidanditengera R2,600 osawerengera wonyamula, ndalama yomwe ikadagula mateyala a kabaza oposa khumi, ndipo silidutsa makilomita 8,000. Regulator yoyamba idafika ndi polumikizira posiyana. Masabata atatu adapita pachabe. Amisiri a ku Ndirande ndiwo adandichepetsera ululu: mapulasitiki osweka adawasoka ndi chitsulo chamoto, chopondera chothyoka adachisula chatsopano, ndipo simungadziwe. Koma madala adandiletsa zinthu ziwiri, mateyala akaunjika ndi mabuleki ongopeka. Adati zina zonse zikakanika umangoima m'mbali mwa msewu n'kuimba foni, koma ziwirizi zikakanika foni amaimba ndi ena.

Ya mafuta ndi nkhani ina. Lifo inkandiyendetsa makilomita pafupifupi 40 pa lita. Iyi imandipatsa 16 kapena 17. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku siimva kanthu, koma yokhala miyezi iwiri kudikira katundu wa ku Joni, thanki ili theka, imayamba dzimbiri mkati. Mafuta atasowa kumapeto kwa 2024, mizere itafika kutali m'mafilingi siteshoni onse a mtauni, ndidagula malita asanu a m'chigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Chomwe adasakanizamo akudziwa ndi iwo. Lifo ikadangotsokomola n'kupitiriza, koma pampu ya njingayi idatsekeka sefa yake, ndipo ndidaikankha kuchokera pa Kameza mpaka manja kuchita matuza. Matumba anayi a chimanga aja amalemera ukamawakankha pachitunda.

Wina anena kuti ndiye bwanji osangoitaya. Ndinene chilungamo: njingayi ikakhala bwino, palibe chinthu chomwe ndidakhalapo nacho chondisangalatsa chotere. Injini yenyeniyo sidatsegulidwepo, ndipo ngakhale yadutsa zaka 20 imalira mosalala ngati wotchi. Loweruka lina m'mawa ndimadzera ku Limbe, Bvumbwe, n'kutsikira m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, phiri la Mulanje likutuluka m'nkhungu patsogolo. Sindidutsanso 90. Pamakona aja njinga imapendeka yokha ngati ikudziwa kumene ndikuganiza, ndipo mabuleki ake ndi a zala ziwiri. Mayi a kunyumba adakwerapo kamodzi, titavala mahelemeti tonse. Titafika pa Thyolo boma adatsika, n'kuwongola msana, n'kunena kuti mpando wakumbuyowo adapangira nkhuku. Koma pobwerera ndidawamva akuseka m'helemeti.

Aphunzitsi anzanga awiri aja ndidawayankha mofanana. Ndidzawaperekeza, koma tidzapita m'mamawa injini ili yozizira, mita ya magetsi ili m'chikwama, madala a ku Ndirande ali nafe ndipo tsiku lawo talilipira. Ndalama sidzatuluka tisanaone blue book ya ku Malawi m'dzina la wogulitsayo, nambala ya chasisi titaiwerenga tokha chilembo ndi chilembo, ndipo kusintha umwini tidzakachitira limodzi ku Road Traffic. Ndidawafunsanso ngati pakhomo pawo pamafika tala, komanso ngati atalipira njingayo adzatsale ndi ndalama ya mateyala awiri, tcheni, jekete ndi magolovesi mwezi womwewo. Mmodzi adaseka n'kunena kuti akufuna kaye aone mmene fetereza akhalire chaka chino. Winayo akadalimbikirabe, ndipo ndikumumvetsa, chifukwa nayenso adaimva ikulira.

Kusukulu ndimapita pa kabaza tsopano. Amandinyamula ndi mnyamata yemwe ndidamuphunzitsa Fomu 2, pa Lifo yofanana ndi yomwe ndidagulitsa, ndipo amandichotserako pang'ono poti ndine aphunzitsi ake. Ngongole idzatha mu Ogasiti 2026. Kope lija lafika pa K3.1 miliyoni osawerengera petulo, kuposa mtengo womwe ndidagulira njingayo, ndipo tidagwirizana kunyumba kuti ikapeza wogula ipite, malata abwere.

Mwezi watha kudabwera mnyamata wina wogwira ntchito kubanki kudzaiona ku Chilomoni. Ndidamuuza kuti afike 6 koloko m'mawa, ndipo adaipeza yozizira. Adaizungulira, adajambula ndi foni, n'kufunsa kuti, "Bigi, imafika pa zingati?" Ndidamupatsa mapepala onse, kenako kope. Adawerenga tsamba loyamba ndi lachiwiri ataimirira, lachitatu adakhala pansi. Adati aimba Lachisanu. Mlamu wanga adandithandiza kuikankhira m'kachipinda muja, tidaifunditsanso chinsalu chake, ndipo mpaka lero foniyo sidalire.